Ba Killian ndi Nsapato za Nambala Naini

Ba Killian Mwelwa amasoka nsapato pamsika wa Kabwata, mzere wakumbuyo, pakati pa shopu yanga ya utelala ndi ya ba Muriel ogulitsa mafoni akale. Takhala moyandikana zaka khumi ndi zinayi. Zambiri zimene ndikulemba pano ndinaziona ndekha, zina anandiuza okha atakwiya, ndipo munthu ameneyu akakwiya sabisa kanthu.

Anabadwira ku Mufulira, ku Copperbelt. Bambo awo ankagwira ntchito pansi pa mgodi, iwo ankasewera mpira kumbuyo m'timu ya achinyamata ya kumgodiko mpaka bondo linawakana ali ndi zaka makumi awiri ndi ziwiri. Migodi itayamba kuchotsa anthu anabwera ku Lusaka, nakakhala kwa msuweni wawo ku Kamwala, komwe anaphunzira kusoka nsapato pakhonde la sitolo ya nsalu. Atasamukira ku Kabwata anapeza timu ya Njovu ikusewera ligi yaing'ono pabwalo lafumbi, ndipo anaikonda ngati anabadwira momwemo. Pa zaka makumi atatu, masewero apakhomo amene anawaphonya ndi amodzi okha, tsiku limene ankaika maliro a mayi awo. Osewera a Njovu onse ankabweretsa nsapato zawo kwa iwo, moti ankadziwa phazi la aliyense. Ankatha kunyamula nsapato n'kukuuza kuti mwini wake amathamangira chidendene, kapena kuti amamenya mpira ndi chala ngati mwana wa pulayimale.

Ethan anabwera ku Njovu chaka chatha kuchokera ku timu ina ya ku Chelstone. Anali ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, wamtali, waliwiro, ndipo anamupatsa jezi ya nambala naini. Pa masewero asanu oyamba anamwetsa zigoli zinayi. Kenako zigoli zinangouma.

Chimene chinkawawa ba Killian sichinali chakuti Ethan samwetsa basi. Ankati wosewera waulesi umamuzolowera, umangokhala pansi n'kumadya chinangwa chako. Koma Ethan ankapeza mipata kuposa aliyense mu ligi yonse. Ankadutsa otchinga awiri, n'kutsala ndi goloboyi yekha, bwalo lonse n'kuimirira, kenako mpira n'kupita kumwamba kapena kulowa bwinobwino m'manja mwa goloboyi ngati akumupatsa mphatso. Tsiku lina akusewera ndi timu ya ku Kafue, goloboyi anagwa, mpira unagubuduka pamaso pa golo popanda woutsata, Ethan ali mapazi atatu kuchokera pamzere. Anaumenya, mpirawo n'kudumpha chitsulo cha golo, kudumphanso mpanda wa bwalo, n'kukagwera kumene anyamata amatsukira magalimoto. Ba Killian anamenyetsa kawailesi kawo pasimenti. Lolemba ndinawapeza akukamata ndi guluu wa nsapato, akutukwanabe.

Lolemba lomwelo anaimba foni ku pulogalamu ya masewero pawailesi, monga ankachitira sabata iliyonse. Tonse mumzere wathu tinamva mawu awo akutuluka m'mawailesi athu kwinaku tikuwamvanso pakamwa pawo.

"Uja mwana," anatero, "mukamuimika pakati pa Cairo Road na kumuuza ati menya Lusaka, azamenya Kafue. Lyonse ni pafupi, pafupi, pafupi. Dzina yake manje ni ba Pafupi."

Dzinalo linagwira. Loweruka lotsatira masapota ankaliimba ndi ng'oma, Ethan akangogwira mpira.

Aliyense mumsika anali ndi maganizo ake. Ba Katongo, wapampando wa masapota, amene amagwira ntchito mu ofesi ya inshuwalansi m'tauni ndipo amakhala ku Woodlands, ankati mnyamatayo anakula mofewa, njala ya chigoli saidziwa. Ometa tsitsi ankati kochi akumuseweretsa yekha kutsogolo popanda womuthandiza. Ba Muriel ankati tonsefe ndife osayamika, popeza osewera ena khumi aja ngakhale pafupi pomwepo safikapo. Ba Josephine, akazi a ba Killian, amene ndi a Sabata, anangonena kamodzi kuti timu yosewera Loweruka isamadabwe. Ba Killian onsewa ankawatsutsa. Iwo ankati vuto ndi limodzi, mnyamatayo akafika pagolo amachita mantha, ndipo munthu wamantha avule jeziyo apatse wina.

Zinthu zinatembenuka mu Ogasiti, Njovu itagonja kachitatu motsatizana. Munthu wina anaika chithunzi pagulu la masapota la pa WhatsApp. Chinali chithunzi cha nsapato zobiriwira za Ethan zitapachikidwa pamsomali pashopu ya ba Killian, chojambulidwa mu Epulo. Zinali zoona kuti mwezi umenewo Ethan anabweretsa nsapatozo zitang'ambika m'mbali, ndipo ba Killian anazisoka. Pansi pa chithunzicho wolembayo anafunsa anthu kuti akumbukire tsiku limene Ethan anamwetsa chigoli chake chomaliza. Linali Loweruka lomaliza lisanafike tsiku losokalo.

Pofika madzulo nkhani inali itakula. Ena anati mudala uja anasokera kanthu mkati mwa nsapato. Ena anakumbukira kuti ndi wa ku Copperbelt, ndiye mtima wake uli ndi matimu a kwawo. Wina analemba kuti munthu amene mpira wake unathera pabondo sangakondwere kuona mwana wa mnzake akukwera, ndipo kukalipa konse kwa pawailesi kuja n'kongophimba anthu m'maso. Ba Killian anali m'gulu lomwelo. Ankawerenga uthenga uliwonse magalasi ali pamphuno. Ambiri mwa olembawo anali anthu amene anakhala nawo pabenchi imodzi zaka zambiri, ena anawasokera nsapato za ukwati.

Lachitatu masana ba Katongo anabwera atavala tayi, ali ndi anzawo atatu a komiti, atanyamula nsapato zobiriwirazo m'pulasitiki. Anapereka moni mwaulemu, n'kunena kuti iwo monga munthu wa pemphero sakhulupirira zimenezo, koma anthu akulankhula, ndiye kuti mitima ikhale pansi ndi bwino ba Killian asomole okha ulusi wawo pamaso pa anthu.

"Ba Katongo," anatero ba Killian, "pamene imwe munali kuvala manapukeni, ine n'nali kunyamula madzi ya iyi timu pamutu. Lelo mwabwela kuniuza ati ndine mfiti?"

"Palibe wakamba mfiti, ba mudala. Tifuna chabe kuona."

Anthu anali atadzaza kale mumzere. Ba Killian anatenga mpeni wawo, nadula ulusi umene anasoka okha, nang'amba chikopa, nasupula kunsi konse, mpaka nsapato iliyonse inakhala zidutswa. Munalibe kanthu koma guluu wouma ndi mchenga wa pabwalo. Anaponya zidutswazo pamapazi a ba Katongo. Wina kumbuyo ananena kuti zinthu zotere sizioneka ndi maso. Ena anaseka. Ba Killian ananyamula hamala, ndipo tinachita kuwagwira mkono ine ndi ba Muriel.

Sabata imeneyo palibe wosewera amene anabweretsa nsapato. Ngakhale amayi ena obweretsa nsapato za ana a sukulu ankadutsa n'kupita kwa wosoka wina wa kugeti la msika.

Lachisanu m'mawa ba Killian sanatsegule shopu. Anapita kubwalo kumene timu inkachita zokonzekera, nadikira mpaka osewera atamaliza. Ethan atatuluka anamuimitsa pageti n'kumufunsa ngati ndi iye amene anauza anthu kuti nsapato zinalodzedwa. Ethan anakana. Ba Killian anamufunsanso kuti nanga bwanji sanatsutse, popeza foni ali nayo ndipo gululo amaliona. Mnyamatayo anayankha kuti iyi inali sabata yoyamba m'miyezi inayi imene anakwera minibasi popanda womuimbira nyimbo.

"Ija dzina munanipatsa ndimwe," anatero Ethan. "Bamai banga banaleka kuyenda ku chechi chifukwa bana baimba ba Pafupi kumbuyo kwawo. Manje imwe mwamvelako masiku yatatu chabe."

Ba Killian sanapepese. Anandiuza okha kuti mawuwo anawalasa, koma ukali unali pamwamba. M'malo mopepesa anamuuza kuti akafika pagolo amagonekera msana kumbuyo ndi kudzutsa mutu ngati akufuna kuona amene akumuyang'ana, n'chifukwa chake mpira umauluka. Ethan anati kochi amamuuza zomwezo tsiku lililonse, ndipo iyenso amazidziwa, koma miyendo ikamva ng'oma zija imachita zake. Ba Killian anati ndiye asiye mpira akagulitse simenti ku Kamwala. Anasiyana choncho, aliyense akuyang'ana kwake.

Loweruka Njovu inkasewera pakhomo ndi timu imene inali pamwamba pa ligi. Komiti ya masapota inali itamugulira Ethan nsapato zatsopano zofiira, ndipo chithunzi chake chinazungulira pamafoni onse. Ba Josephine anawapempha amuna awo kuti asapite, koma anapita. Pamalo pawo pa nthawi zonse anthu anasendera kutali, moti anakhala okha pabenchi ya anthu asanu ndi mmodzi.

Alendowo anamwetsa chigoli chimodzi m'chigawo choyamba. Kutatsala mphindi ngati khumi ndi zisanu kuti masewero athe, Ethan anathamangira mpira wautali, nadutsa wotchinga, ndipo winayo anamukola mwendo mkati mwa bokosi. Woimbira analoza penate. Ethan ananyamula mpira yekha, osapatsa wina, nauika pamalo pake. Ng'oma zinasiya.

Apa m'pamene ba Killian anaona bwino pamene anthu anawafikitsa. Mpirawo ukalowa, nsapato zatsopano zikhala zamwetsa, ndipo iwo akhala mfiti ya pa Kabwata mpaka tsiku lolowa m'manda, ana awo ndi zidzukulu n'kumalozedwa zala. Anazindikira kuti milomo yawo ikuyenda yokha, ikunena kuti phonya, phonya. Ethan anathamanga, goloboyi anagwera kumanzere, mpira unapita kumanja n'kukamenya chitsulo, n'kubwerera m'bwalo. Bwalo lonse linabuula. Ba Killian anapeza chibakera chawo chili m'mwamba.

Anachitsitsa msanga, natuluka masewero asanathe. Anayenda wapansi mpaka kunyumba, bondo likuwawa, osafuna kukwera minibasi ndi anthu ovala majezi a Njovu.

Lolemba anafika mochedwa. Anakhala pampando wawo nthawi yaitali osagwira singano, kenako anandiuza zonsezi. Anati za ufiti angathe kuziiwala, anthu opusa alipo paliponse. Chimene sadzawakhululukira n'chakuti anawachititsa kupempherera Njovu kuti igonje, pabwalo lake lomwe, iwo ali ndi imvi. Anati naye Ethan iwo sadzamukhululukira, chifukwa akanakhala womwetsa zonsezi sizikanachitika, ndipo penate ija ngakhale ba Josephine akanailowetsa atavala masilipasi. Ndinawafunsa ngati za dzina lija sakudziona kulakwa. Anandiyang'ana moipa n'kundiuza kuti ndisamale makina anga.

Palibe amene anabwera kudzapepesa. Pagulu la pa foni lija nkhani ya nsapato inangozima ngati sinakhalepo. Pofika Lachiwiri anthu anali atapeza chifukwa china, ati chibwenzi cha Ethan, mtsikana wa ku Kabulonga, n'chimene chikumutha mphamvu, ndipo chithunzi cha mtsikanayo n'chimene chinayamba kuzungulira. Ba Killian analemba uthenga wautali m'Chibemba, mmene anatchula anthu asanu ndi awiri mayina awo ndi a makolo awo, kenako anatuluka m'gululo.

Osewera anayamba kubwerera mmodzimmodzi, nsapato zili m'manja, akuseka mwamanyazi. Onse anawabweza. Kuyambira pamenepo nsapato ya mpira saigwira, ngakhale ya mwana wa sukulu. Njovu inapulumuka kutuluka mu ligi ndi pointi imodzi. Ethan anamubwereketsa ku timu ina ya ku Kabwe, komwe tikumva kuti wamwetsa zitatu ndi kuphonya zosawerengeka, ndipo dzina lija linamutsatira komweko. Ba Killian kubwalo amapitabe, koma amaima kumpanda wa kuseri kwa golo, osaimba, osavala jezi. Pawailesi amaimbabe foni Lolemba lililonse, kungoti masiku ano amayamba ndi komiti ya masapota asanafike kwa osewera, ndipo woulutsa amawadula kawirikawiri asanamalize.

Mwezi watha ba Katongo anatulukira mumzere wathu m'mawa, akukoka phazi. Kunsi kwa nsapato yawo ya ku ofesi kunali kutamatuka potsika galimoto, ndipo anali ndi msonkhano m'tauni. Wosoka wa kugeti anali asanatsegule. Anaima pashopu ya ba Killian, napereka moni wa Chibemba, navula nsapatoyo n'kuiika patebulo, ataima ndi mwendo umodzi. Ba Killian anainyamula, naitembenuza, naipenda bwinobwino monga amachitira ndi ntchito iliyonse. Inali ntchito ya mphindi zisanu, guluu ali pomwepo. Anaibweza patebulo.

"Pelekani kwina, ba cheyamani," anatero. "Ningakusokeleni kanthu mukati."

Ba Katongo anafuna kuseka, koma ataona nkhope ya ba Killian anavala nsapato yawo n'kubwerera ku galimoto, kunsi kuja kukuwomba pasimenti mzere wonse.