Chitini cha mikanda cha Pulofesa

Tswa, tswa, tswa. Phokoso la mikanda m'chitini ndilo linkandiuza kuti Pulofesa adzuka.

Ndimagwira ntchito panyumba ina yosamalira okalamba kufupi ndi Murdoch, kuno kudziko la eni kutsidya kwa nyanja. Mmodzi mwa amene ndakhala ndikuwasambitsa ndi kuwaveka ndi mkulu wochokera ku England, katswiri wa masamu a chiwerengero. Anayamba ndi kuyeza zokolola m'minda yoyesera mbewu, kenaka anathandiza madokotala kudziwa ngati mankhwala atsopano akuchizadi, mpaka anakalambira m'kalasi ku yunivesite. Kuno anatsatira mwana wawo wamkazi. Mabuku onse anagawa, koma chitini cha mikanda yofiira ndi yoyera anakana kuchisiya. Ndicho ankaphunzitsira.

Tsiku lina anandiona nkhope ili khuma.

"Walephera chiyani?" anafunsa.

Ndinawauza kuti mayeso a Chingerezi, amene ndiyenera kukhoza kuti ndiyambe maphunziro a unamwino, andikanika. Ndinati basi, sukulu si yanga.

Anagwedeza chitini chija. "Pisa dzanja. Usayang'ane."

Ndinatapa. Yambiri inali yofiira.

"Ndiye m'chitinimu muli mikanda yamtundu wanji?"

"Yofiira, Pulofesa."

"Ukanakhala wophunzira wanga ndikanakuthamangitsa. Bweza, utapenso."

Ulendo uno yoyera inachuluka. Anaseka mpaka kutsokomola, kenaka anandiuza kuti iwonso mayeso awo oyamba a ku yunivesite analephera. Pepala lawo loyamba la kafukufuku analibweza ndi mawu owawa. "Dzanja limodzi silikuuza zimene zili m'chitini," anatero. "Ntchito yanga yonse inali kuuza anthu zimenezo, ndipo ankandilipira."

Ine ndinaleredwa ndi agogo, makolo atamwalira, ndipo mwana wamasiye amaphunzira msanga lamulo limodzi: dzanja sulitambasula kawiri. Akakupatsa, thokoza. Akakumana, khala phee pakona, uziona anzako. Agogo sanandiphunzitse zimenezi mwankhanza. Ankafuna kuti kunyumba za eni ndisamanenedwe.

Koma kodi ndi ana amasiye okha? Imani panja pa tchalitchi ku Girrawheen Lamlungu mapemphero akatha, mumve anthu akwathu. "Ine laisensi ya galimoto inandikana." "Ndinafunsirapo ntchito ija, sanandiyankhe, ndiye ndi mmene Mulungu anafunira." Mwayesa kangati, achimwene? Kamodzi. Ndipo timabisa, kuopa kuti nkhani ingafike kumudzi pa foni dzuwa lisanalowe. Ana athu obadwira kuno akagwa mayeso amangofunsa tsiku lolemberanso, osachita manyazi ngakhale pang'ono. Ife timati ndi mwano. Mwina pamenepa atiposa.

Paja mbewa yamanyazi inafera kuuna. Ulemu wathu ndi wabwino, ndipo okalamba amene timawasamala amauyamikira. Koma ulemu umenewo sunapangidwire mayeso. Mayeso alibe nkhope yoti uichitire manyazi.

Kulembetsanso mayeso kunkatsekedwa Lachisanu lapitali. Sabata yonse ndinkangozengereza, pa basi, pa ntchito, ndi pogona pomwe. Lachinayi ndinapeza chipinda cha Pulofesa chili chotsegula, zovala zili m'masutikesi. Mwana wawo anawapezera malo kufupi ndi kwawo, kuti aziwaona tsiku ndi tsiku.

"Walembetsa?" anafunsa ndikuwakankha pa njinga yawo ya olumala kupita ku galimoto.

"Ndikuganizabe, Pulofesa."

"Ine ndaganiza moyo wanga wonse, taona pamene ndakhala. Kalembetse."

Ndinalembetsa masana omwewo, pa nthawi yopuma. Ngati ndidzakhoza sindikudziwa. Nanga inu, ndi chiyani chimene munachisiya mutatapa kamodzi kokha?

Ndikuweruka, ndinakumana ndi mwana wawo uja pakhomo. Anati wabwerera dala.

"Bambo akuti ichi n'chanu. Akuti muzichigwedeza kaye."

Anandiikira chitini chija m'manja, nalowa m'galimoto, n'kumapita.