Njinga Yopalasa Mphepo

Ndikamva fungo la girisi ndi mphira wotentha ndi dzuwa, ndimaona njinga yobiriwira itapachikidwa pakhonde la a Saidi ku Linthipe, matayala ake onenepa, a timanomano ngati chitsononkho. Chinali chaka chimene anzathu a ku Mozambique ankabwerera kwawo nkhondo itatha, azungu a mabungwe akugulitsa katundu wawo n'kumapita. Njingayo inachokera kumeneko, koma inali itadutsa m'manja ambiri, penti itasupuka, chishalo chomangidwa ndi mphira. A Saidi, amene ankakonza njinga pafupi ndi mzikiti, anali atatopa nayo.

Ine ndinali nditakhoza sitandade 8 ndipo malo ndinawapeza pa sekondale yoyendera, koma kuchokera kwathu cha ku Kaphuka, wapansi ukanafika anzako akuweruka. Bambo anali atatisiya kale. A malume, a Fabiano, eni mbumba, anagamula kuti popanda njinga palibe sukulu, ndipo Januwale akafika ndipite ku Lilongwe ndikalere mwana wa mnzawo. Sanali ankhanza ayi, ankangoona zimene zinalipo. Ine mtima unandiwawa koopsa, chifukwa ndinkadziwa atsikana amene anapita kukalera ana, ndipo palibe anabwerako ndi buku. Chuma changa chonse chinali kachewere wa m'kadimba kamene amayi anandidulira, yemwe ndinathirira ndekha chilimwe chonse mpaka zikhatho kuchita zipsera.

Tinayenda ndi amayi misika yonse, mvula yoyamba itagwa, matope ofiira akutimata m'zidendene, mapichesi akununkha m'malichero. Njinga zakuda zija za keriyala, ngakhale zakutha, mtengo wake unali wongomeza malovu n'kupitirira. Yobiriwirayo yokha ndiyo inalibe woifuna. Abambo akwathu njinga amaiyesa ndi thumba la chimanga, tsono iyi keriyala inalibe, madigadi inalibe, ndiponso magiya ake anali atauma pamalo amodzi. Aliyense ankaiyesera pamsewu wosalala wa pamsika, miyendo n'kumazungulira ngati nkhuku yopalasa, njinga ikungokwawa. Anthu ankafa nazo ziseko, mpaka anaipatsa dzina loti yopalasa mphepo.

Nditapempha kuti ndiiyese, a Saidi anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku chitenje, koma anaitsitsa. Manyazi anandigwira poona anyamata akundiloza, choncho ndinathawira kanjira kokwera kuseri kwa msika. Abale inu! Pamene ndinkayembekeza kutsika, njinga inangokwera. Miyendo inali yopepuka ngati ndikuyenda pabwalo, matayala akuluma matope osaterereka. Ndinabwerako nkhope nditaiumitsa dala kuti asadziwe kuti ndaikonda, koma mkulu uja anali ataona. Anaseka n'kunena kuti iyeyo katundu wake amamudziwa, kungoti ogula onse amabwera ndi maso a kuchigwa. Analandira kachewere wanga, nawonjezera pampu yakale ndi kachidutswa ka chubu komatira.

Kumudzi kunali chiphwete. Azimayi pachitsime ankafunsa ngati ndagula njinga kapena chidole, ndipo a malume anaizungulira, kugogoda chitsulo ndi chala, n'kuchoka. Amayi okha ndi amene anati kanthu n'khama, uku akundisokera kathumba ka mabuku kobereka kumsana. Sabata zoyamba ndinazimva. Pamalo osalala aliyense ankandidutsa, ngakhale agogo onyamula nkhuni pa keriyala, ine ndikupalasa mphepo yangayo thukuta lili kamukamu. A malume anati ayamba aona kaye teremu imodzi, nkhani ya ku Lilongwe sinathe.

Koma pobwerera kwathu pali chitunda chachitali chimene aliyense amatsika n'kukankha. Tsiku lina madzulo, chifunga chikutsika m'mapaini, ndinapeza mzere wa abambo ochokera kumsika akukankha njinga zawo zakuda, ndipo ndinayamba kuwadutsa mmodzimmodzi nditakhala pachishalo. Kutsogolo kwenikweni kunali a malume, thumba la feteleza pa keriyala, malaya atanyowa. Kwathu mwana sadutsa malume ake ali panjinga, amatsika, kunjuta n'kupereka moni. Ndinkadziwanso kuti ndikatsika pamenepo sindikweranso, ndikankha ngati wina aliyense, ndipo aona kuti njingayo ndi chidoledi. Komabe mwambo ndi mwambo. Ndinagwira buleki, phazi likulowera pansi.

"Iwe, usatsike! Palasa!" anakuwa a malume, mawu mpaka kumveka tsidya lina. Kenako anatembenukira anzawo aja: "Mukumuona? Ndi mwana wa mlongo wanga ameneyo, akuchokera ku sekondale!"

Ndinapalasa misozi ikutsika, osacheuka, mpaka pamwamba. Za ku Lilongwe sizinatchulidwenso pakhomo pathu. Lero njinga zamagiya zili mbwee, ana amazisintha ndi chala osaganiza n'komwe, ndipo yanga ija inatha kalekale, mafupa ake anasanduka chotsekera khola. Satifiketi ndili nayo, ili m'sutikesi. Koma chimene ndimanyadira kwambiri ndi chakuti m'mudzi monse ndine ndekha amene ndinadutsa malume wanga osapereka moni, iwo eni akundichemerera.