Njinga Ndapopa Kale

Ndikatsinzina ndimaonabe minsi itatu ikusinthana mumtondo umodzi pansi pa mtengo wa mango, gaga akuuluka n'kumamatirira pathukuta la m'khosi. Inali nyengo ija dzuwa likuswa mtengo, nyenje zikulira mpaka makutu kuwawa, mango oyamba akugwa okha n'kumanunkhira pabwalo ponse. Munsi woyamba unali wa amayi, wachiwiri wa Abiti Saidi, anansi athu achiyao, wachitatu wanga. Ndinali nditangolemba mayeso omaliza a pirimariya, ndipo ndinkasinja ngati ndikufuna kuboola mtondowo, chifukwa ababa anali atagamula kale kuti sukulu yanga yathera pomwepo. Sekundariya inali kutali, kosati n'kupita wapansi tsiku ndi tsiku, ndipo njinga pakhomo inali imodzi, yomwe ababa ankanyamulira matemba kuchoka kunyanja ya Chiuta kukagulitsa pamsika wa pamalire wa Entre Lagos. Ine ndinayenera kupita kunyanja kukathandiza azakhali kuyanika nsomba. Ababa sanali ankhanza, ayi ndithu. Ankangoti, “Njinga ikapita kusukulu, kuno tidya makope?” Koma ine ndinabadwa ndi mtima wapachala, moti ndinkawapatsa madzi osamba osawayang'ana kumaso.

Kwathu mkazi sankakangana ndi mwamuna wake ana akuona. Nkhani ikamuwawa ankapita nayo pamtondo n'kuiimba, mwamuna ali pakhonde n'kumayerekeza kuti akusoka thumba, koma zonse akumva, ndipo nyimboyo inkathera pabwalo pomwepo. Choncho tsiku limenelo amayi anayambitsa ndi mawu awo akuthwa aja: “Eni nyumba, imvani, mwana wanga musamuyanike ndi matemba, mpatseni njinga apite kusukulu.” Abiti Saidi anavomera, nanenso ndinavomera misozi ili lengelenge. Chimene sitinasamale n'chakuti amalume a Zeka, mlongo wawo wa amayi, amene anabwera kudzangodya mango, anali ataika foni yawo palichero pafupi ndi mtondo, ikujambula mawu athu.

Amalumewa anali munthu wosakhazikika. Pa Entre Lagos anali ndi kabaraka kotchajira mafoni ndi kuikira anthu nyimbo m'mamemori, sola padenga, kompyuta yothothoka mabatani, ndi chikolunya chachikulu, chokuzira mawu, chimene chikalira, malata oyandikana nawo ankanjenjemera. Anatenga kusinja kwathu kuja n'kuika pansi pake ng'oma yamakina, yogunda pachifuwa penipeni, n'kuwonjezera timaphokoso tolira ngati malikhweru, mawu a amayi n'kumawabwereza pamwamba. Abale inu, inatuluka nyimbo yoti ngakhale wodwala mwendo amagwedeza mutu! Anyamata a njinga anaitenga m'mafoni, odikira sitima yapamtunda ankavina katundu ali kumutu, ena anawoloka nayo malire kupita ku Malawi. Ine ndinaimva koyamba pachitsime, m'foni ya mtsikana wina, ndipo ndinazindikira munsi wanga pomwepo, uja wogunda mwaukali kuposa inzake. Ndinanyada mpaka kuiwala ndowa.

Amayi sananyade. Nyimbo ya pabwalo inali itafika pamsika, ndipo mawu awo aliyense ankawadziwa. Amalume atabweranso kudzadzitama, amayi anawathamangitsa ndi munsi mpaka kumsewu, akukuwa kuti, “Zeka, wandivula pagulu iwe!” Azimayi akuluakulu ankapukusa mitu n'kumati mabanja ena anatha ndi zochepa kuposa izi. Ababa akafika ndi matemba awo, azibambo anzawo ankawalonjera ndi funso limodzi, loti njinga ija apereka liti. Kunyumba ababa anasiya kuyankhula. Ankadya chete, kusamba m'manja chete, ndipo amayi ankayenda monyang'ama m'nyumba yawo yomwe. Apa mantha anandigwira, ndinaona kuti sukulu ndataya kale, tsopano nditayanso ndi banja la makolo anga.

M'mawa wina ababa anakwera pampando n'kutsitsa kudenga chinthu chakuda ndi mwaye. Inali banjo imene anapanga okha ali mnyamata kukampu ya othawa nkhondo ku Malawi, ya chitini cha mafuta ndi chikopa cha mbuzi. Amayi ankatiuza kuti banjo imeneyo ndiyo inawakopa, koma ife ana tinali tisanaimvepo, chifukwa chibwerereni kwathu manja a ababa ankangodziwa khasu ndi zingwe zomangira madengu. Anaipukuta, anaika mawaya atsopano a mabuleki a njinga, n'kunyamuka osatsanzika. Amayi anangokhala pansi n'kunena kuti basi, akukamuphwanyira Zeka pamutu.

Tsiku la msika lotsatira ine ndi amayi tinasenza mango kupita pa Entre Lagos. Kunkanunkha nsomba zowamba, fumbi ndi mafuta okazingira mbatata. Tisanatule n'komwe, chikolunya chija chinayamba: minsi itatu, ng'oma yamakina, kenaka mawu a amayi. Amayi anakokera chitenje kumaso. Koma pamene nyimboyo inkayenera kubwerera poyambira, panalowa banjo, yolira mopyapyala, ikuthamanga pakati pa minsi ndi makinawo ngati mwana wodutsa pakati pa miyendo ya akuluakulu. Kenaka kunamveka mawu osasa amene ndinkawamva tsiku lililonse akuitana nkhuku ndi kukalipira mbuzi: “Ndamva, mayi, ndamva, njinga ndapopa kale, matemba ndisenza pamutu.”

Amayi anatula dengu mwamphamvu mpaka mango kumwazika, n'kuimba nthungululu imene ndikhulupirira inamveka tsidya la malire. Anavina pakati pamsika, fumbi kobo, ogulitsa tomato n'kusiya malonda kudzawazungulira. Ine ndinkalira ndi kuseka nthawi imodzi, ndikugwira aliyense pamkono n'kumamuuza kuti awo ndi ababa anga, awo ndi amayi anga, munsi winawo ndi ine. Ababa anali chilili pambali pa kabaraka, akumangamanga dengu lomwe linali lomanga kale. Titawayandikira anangoti, “Tolani mangowo, mwandionetsa kokwanira,” koma masharubu awo ankagwedera ndi kuseka.

Mvula itagwa ndinakalembetsa dzina kusekundariya, kumene kwathu timati matirikula, ndipo zaka zonse za sekundariya ndinapalasa njinga imeneyo m'matope ndi m'mchenga, ikununkhabe matemba mpaka anzanga ankanditcha mayi wansomba. Ndinkangowayang'ana, sankadziwa mtengo wake.

Lero ndine mphunzitsi. Azimayi akwathu amapita kuchigayo, kumene phokoso la injini silola munthu kuimba, ndipo mtondo wathu uja unang'ambika, nkhuku zimaikiramo mazira. Kompyuta ya amalume inapsa, mamemori anatayika, nyimboyo ndaifunafuna osaipeza. Koma wina akanena pamaso panga kuti nyimbo zamakinazi ndi phokoso chabe la ana osaleredwa, mtima wanga uja umabwerera, chifukwa ine ndinaona makina atanyamula dandaulo la mayi kulifikitsa pamene linayenera kufika, ndipo bambo anayankha pagulu osachita manyazi. Ababa akalamba tsopano. Pakati pamutu pawo pali dazi lozungulira bwinobwino, pamene pankakhala nkhata, ndipo tsitsi silinamerenso. Ndikapita kukawaona amavula chipewa, n'kugogoda pamenepo ndi chala, n'kunena kuti, “Aphunzitsi, sukulu yanu ija ili apa.”