Batani ndi Mnyamata wa Kubutchala

Anzanga, ndinakumana naye tsiku limene galu wanga anandichititsa manyazi pakhomo pa butchala.

Ambiri a inu mukumudziwa Batani, galu amene ndinamutola kuseri kwa shopu yanga yosokera zovala, nthiti zikuchita kuwerengeka. Ali ndi matenda a m'matumbo osachizika. Adokotala a ziweto anandiuza kuti akhoza kukhala bwinobwino, bola azidya chakudya chapadera cha m'thumba ndi kumwa mankhwala mwezi ndi mwezi. Nyama yamafuta, mafupa, zotsala m'mbale, zonsezo ayi.

Tsikulo tikuchokera kuchipatala, Batani anangoima pakhomo penipeni pa butchala n'kutsegula m'mimba. Makasitomala ali pamzere! Ine ndinasowa poyang'ana.

Kunatuluka mnyamata wamtali, atavala epuloni yoyera, ndowa ndi tsache kumanja. Ndinkadikira kutukwanidwa. Iye anangonjuta n'kumusisita Batani kumutu.

"Asisi, musadandaule," anatero. "Wodwala sakalipiridwa."

Basi, mtima wanga unapita pompo...

Anayamba kumadutsa pashopu akaweruka, ati kudzazonda wodwala. Wodwalayo ankamuzonda mphindi ziwiri, ine maola awiri.

Atamva mtengo wa thumba limodzi la chakudya cha Batani anagwira pakamwa. Ndiye amene anabweretsa nzeru yoti ndizisoka zikwama za tizidutswa ta nsalu totsala, tizigulitsa. Anazipachika pafupi ndi sikelo yake pamodzi ndi chithunzi cha Batani, ndipo kasitomala sankatuluka ndi nyama yokha. Mnyamata uja ndi pakamwa pake akhoza kumugulitsa chipeso munthu wadazi.

Inunso munagula, ena munangotumiza thandizo osafuna n'chikwama chomwe. Sindidzaiwala.

Loweruka masana tinkakhala m'shopu, ine pamakina, iye akulimbana ndi zogwirira za zikwama, n'kumaziika mokhota. Ndinkaphwasula n'kusokanso, koma ndinkasangalala. Mpaka ndinamupatsa kiyi wa geti la kunyumba kwanga kuti nthawi yake yopuma azikamuyendetsa Batani ine ndikatanganidwa.

Kenako Batani anayambiranso kusanza ndi kutsegula m'mimba. Katatu pa miyezi iwiri. Anaonda, ubweya unayamba kuthothoka.

Tinapita naye kuchipatala tonse awiri. Adokotala anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kufunsa ngati pali china chilichonse chimene galuyu akudya kupatula cha m'thumba. Ndinalumbira kuti palibe, ngakhale kanyenyeswa. Iwo anangopukusa mutu, ndinaona kuti sanandikhulupirire. Mnyamata uja, amene ndinkati ndi mwamuna wanga wam'tsogolo, anali pambali panga, atandigwira dzanja, ali duu.

Adokotala anatisinthira mankhwala, okwera mtengo kuposa oyamba aja. Zimene tinasonkhanitsa zinayamba kusungunuka. Pano patsamba ena munayamba kufunsa, ndipo simunalakwe. Wina analemba kuti ndalama za galu ndikugulira mawigi. Ine amene ndimaluka tsitsi langa lomweli chaka chonse! Zinandiwawa, ndinalira ndili pamakina.

Lachitatu lina magetsi anazima kushopu, ndiye ndinabwerera kunyumba masana. Geti linali lotsekula.

Ndinamupeza mnyamata uja atakhala pakhonde, pepala atalitambasula pamwendo, lodzaza ndi mafuta amene amasenga ku nyama. Ankamupatsa Batani kamodzikamodzi, akumuyankhula mwachikondi ngati mwana. Batani mchira uli pikupiku.

Atandiona anabisa pepala kumbuyo, ngati sindinaone.

"Bebi, ndi pang'ono chabe. Galu wa munthu wa kubutchala angamadye timiyala touma timeneti? Amandiyang'ana momvetsa chisoni, mtima sundilola."

Ndinamufunsa kuti anayamba liti. Anati kuyambira tsiku limene ndinamupatsa kiyi. Anafotokoza kuti kwawo onse ndi ogulitsa nyama, bambo ake ndi amalume ake omwe, ndipo munthu amene umamukonda umamusungira nthuli yonona. Agalu akwawo ankadya mafuta tsiku ndi tsiku n'kumafa ndi ukalamba. Iye ankaganiza kuti adokotala akungokokomeza.

Ndinapuma kaye, chifukwa ndikakwiya pakamwa panga sipasankha.

"Za nyamazo ndikhoza kumvetsa," ndinatero. "Koma adokotala atafunsa unali pambali panga. Unandisiya ndilumbire bodza lako. Anthu akunditcha wakuba unkawerenga, n'kumandipukuta misozi."

Anangowerama. Ndinatambasula dzanja, iye n'kuikamo kiyi.

Madzulo omwewo ndinakulemberani zoona zake, kungoti sindinanene kuti anali ndani. Lero ndanena.

Papita miyezi inayi tsopano. Batani sanasanzepo n'kamodzi komwe. Wanenepa, ubweya wamera, akuthamangitsa njinga ngati galu aliyense wopanda mwambo. Tabwerera pa mankhwala otchipa aja, ndipo adokotala anachita kundigwira chanza. Zikwama zikupachikidwa ku saluni ya achemwali anga, ndipo iwonso pakamwa si pamasewera. Uja wa mawigi anagula ziwiri, ndinamuikira ndi kachikwama ka makiyi kaulere kuti manyazi amugwire bwino.

Ine ndili bwino, anzanga, osandimvera chisoni. Ndimadzuka, ndimamuyezera Batani chakudya chake m'kapu, ndimapita kukasoka. Mtima uli m'malo.

Mnyamata uja sanali munthu woipa ayi. Batani ankamukonda zenizeni, inenso ankandikonda. Koma chikondi chosamva za eni ake chimadwalitsa.

Sabata yatha ananditumizira meseji, ati wandisowa, tiyambirenso. Ndinaiwerenga kawiri, ndinalirako pang'ono, sindikana.

Ndinamuyankha kuti ndinamukhululukira kalekale, koma tsiku limene ndidzadwale ine, ndikufuna pambali panga padzakhale munthu amene adzawauze adokotala zoona.