Dontho la Kameta

Ndikukumbukira m'mawa wina wa chisanu ku Phwezi, nthawi imene bambo anali tenanti pa munda wa fodya wa a Mhango. Kwathu kwenikweni ndi ku Dedza, koma ine ndinabadwira konkuno, ndipo Chitumbuka ndinayamba kuchiphunzira ndi mawu otukwana chifukwa ndi amene ndinkawafuna msanga. Ndinali mu Sitandade 4, kalasi imene ndinaikonda mpaka kuibwereza.

Chuma changa chonse chinali msoti umodzi wa khosi lopanda nthenga, umene amalume anandipatsa atabwera kudzationa. Ndinautcha Kameta, poti sindinaone chifukwa chovutikira kufuna dzina lina. Pakhomo pathu nkhuku ya mwana inali ya mwana. Mlendo akabwera, mayi ankagwira ina iliyonse koma osati imeneyo. Amalume anali atandifotokozera bwino dongosolo lake: nkhuku imaswa, anapiye akakula umasinthitsa ndi mbuzi, mbuzi zikachuluka umasinthitsa ndi ng'ombe. Kameta anali asanaikire dzira ngakhale limodzi, koma ine ndinali nditasankha kale malo a khola la ng'ombe, kuseri kwa nkhokwe.

Chaka chomwecho ndinadwala malungo, ndipo kuchipatala anandibaya jakisoni pathako. Panatupa ngati chipatso cha maboloma. Kwa masabata angapo ndinkaphunzira choimirira kumbuyo kwa kalasi. Mnyamata wina dzina lake Wongani anapagwira ndi rula kuti aone ngati papsa, ndipo dzino lake lakutsogolo analipeza pafupi ndi chitseko. Kuyambira pamenepo anthu amati ndine wa mtima wapachala. Ine ndimati zimatengera pamene munthu wandigwira.

Ndiye tsiku lina mayi anati mawa nkhuku zisatsekulidwe, kukubwera a NyaGondwe ndi katemera wa chitopa. Chitopa tonse tinkachidziwa. Chimabwera kukayamba kutentha, nkhuku zimayamba kusinza masana, kupinda khosi, kenako khola lonse n'kukhala zii. Koma pa zonse zimene mayi ananena, ine ndinamva liwu limodzi lokha, katemera. Ndinayang'ana Kameta, ndinakumbukira kutalika kwa singano imene inandilowa ine, ndipo ndinaona kuti pa iye ikalowera uku itulukira uko.

Kusanache bwino ndinamutulutsa m'khola n'kupita naye ku chigafa cha fodya, kutsidya kwa kamtsinje. Fodya anali atapita kale ku msika, munangotsala fungo lake loyetsemulitsa ndi zinyenyeswa zouma pansi. Ndinamuvindikira ndi dengu, pamwamba n'kusanjikapo mwala. Ndinabwerera miyendo ili yonyowa ndi mame, n'kuuza mayi kuti Kameta wathawa.

"Wadzitsekulira yekha, n'kutsekanso?" anafunsa mayi.

"Ndi wochenjera," ndinatero.

"Ndiye sanatengere mwini wake."

A NyaGondwe anafika dzuwa litangotuluka. Anali mayi wamtali, mlimi ngati ife tomwe, kungoti alangizi a zaulimi anawaphunzitsa ntchitoyi. Ananyamula kadengu koluka motalikirana, mkati muli kansalu konyowa kuti mankhwala asatenthedwe. Ine ndinaima potero ndi mwala m'thumba la kabudula. Ntchito ya mwalawo ndinali ndisanaiganize, koma ndinkamva bwino kukhala nawo.

Atafunyulula kansaluko, munatuluka kabotolo kochepa ngati chala changa, ka kamwa kosongoka. Mchemwali wanga Esinati ankatulutsa nkhuku imodzi imodzi, kuipana m'khwapa, dzanja lina n'kugwira mutu. A NyaGondwe ankafinya kabotolo, dontho n'kugwera m'diso. Nkhuku inkaphethira, kumeza, ikatulidwa pansi n'kuyamba kupalasa ngati palibe chachitika. Ngakhale tambala wa bambo, amene ankathamangitsa agalu, anameza dontho lake ngati zinzake.

Ndinasendera pafupi n'kufunsa kuti singano ili kuti.

"Singano ya vichi, mwana wane?" anatero a NyaGondwe, akusakaniza ndi Chitumbuka. "Uyu ngodontheza. M'diso kapena m'mphuno, limodzi basi."

Munthu wina akanathamangira ku chigafa nthawi yomweyo. Koma mayi anali ataima pomwepo atagwira m'chiuno, ndipo nkhuku yothawa sipezeka msanga choncho. Ndinadikira a NyaGondwe amwe madzi, atsanzike, akhote pa nthochi. Kenako ndinaliyatsa liwiro.

Kuwapeza kunali kovuta. Ndinkatsata kulira kwa nkhuku, khomo ndi khomo, Kameta ali m'khwapa, ndipo paliponse ankandiuza kuti angochoka kumene. Minga inandilasa, kabudula anakodwa pa mpanda wa khonje. Ndinawapeza pa khomo lomaliza la kumtunda, dzuwa litayamba kuluma pakhosi, akukulunga kale kansalu kawo. Anakweza kabotolo kudzuwa, kukapendeketsa, kukagogoda ndi chikhadabo.

"Wachedwa chomene, dada. Mwatsala limodzi. Gwada apa, ugwire mutu. Miyendo ilibe ntchito."

"Nkhukuyi ndi yanga," ndinatero. "Kagwiridwe kake ndimakadziwa."

Ndinagwada n'kumukweza Kameta nditagwira miyendo yonse iwiri mwamphamvu, monga mwini ng'ombe. A NyaGondwe anawerama, kabotolo kali pamwamba. Kameta anali atakhala m'dengu m'mawa wonse ndipo anali ndi zakezake mumtima. Anakupiza phiko, linandimenya pachibwano, ine ndinagadamitsa mutu, ndipo pa nthawi yomweyo a NyaGondwe anafinya.

Dontho linagwera m'mphuno mwanga, ya kumanzere. Linali lozizira. Ndinalimva likutsika pang'onopang'ono mpaka kukhosi, ndipo ndinameza, ngati mmene zinkachitira nkhuku za mayi.

A NyaGondwe anayang'ana kabotolo, anayang'ana ine.

"Yewo," anatero. "Iwe ndiye chitopa sichikugwira."

"Nanga Kameta?"

"Ulendo wina, mvula ikayandikira."

Ndinawauza mawu onse a Chitumbuka amene ndinkawadziwa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, n'kunyamula kadengu kawo, nati ndikapereke moni kwa mayi. Pobwerera ndinayesa kumina pafupi ndi diso la Kameta, mwina kanthu kanatsalira. Anandijompha pamlomo.

Chitopa sichinadikire mvula. Chinafika mitengo ya mango itangoyamba maluwa, n'kuyamba ndi makomo amene anakana katemera. Nkhuku za mayi zinapitiriza kupalasa. Kameta anayamba kuima malo amodzi, mapiko ali pansi, maso ali tseke. Ndinam'mwetsa madzi a tsabola, ndinam'mwetsa a phulusa, ndinam'funditsa malaya anga a sukulu. Khosi lake lopanda nthenga lija linapindika mpaka mlomo kuloza kumwamba, ndipo m'mawa wina ndinam'peza pansi pa nkhokwe atauma. Bambo anati ndiwo sizitayidwa. Ndinaima pakati pa iwo ndi Kameta ndi khasu m'manja, ndipo anandiyang'ana kanthawi n'kubwerera m'nyumba. Ndinam'kwirira pa malo a khola la ng'ombe paja.

Ine chaka chimenecho sindinadwalenso, ngakhale chimfine. Esinati anafalitsa nkhani ya dontho lija kusukulu, ndipo ndikamalowa m'kalasi anyamata ankalira kokoliriko. Wongani yekha sankalira nawo. Sukuluyo ndinaisiyira mu Sitandade 6, pa nkhani ina ya ine ndi aphunzitsi a masamu.

Lero ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa siteji ya Phwezi. Posachedwapa, tikudikira makasitomala, ndinamva pa wailesi ya pafoni kuti kuli katswiri wina wofufuza zamankhwala amene akuyesa kupanga katemera wa anthu wopanda singano, wongopopera m'mphuno. Akuti matenda ambiri amalowera pamenepo, choncho ndi bwino mlonda aziima pakhomo pomwepo. Anzanga anaseka kuti zimenezo n'zosatheka. Ndinawauza kuti n'zotheka, ine ndinalandira kale, ndipo ndinawaonetsa mphuno yake. Sanafune kutsutsana nane. Pa siteji ambiri safuna.

Zinthu zasintha ndithu, koma singano ikadalipo. Ndili ndi mwana wamkazi, Tiyamike, ndipo tikapita naye kusikelo, katemera wa m'kamwa ndimaonerera bwinobwino. Ikafika nthawi ya wa pantchafu, mayi ake amandiuza kuti ndikaone ngati njinga ili bwino panja. Ndimapita, chifukwa zobisa mwana pansi pa dengu ndinaona kale mathero ake. Ndimaima pansi pa mtengo, ndimamva kulira kwake kudzera pawindo, ndipo ndimapukuta galasi la njinga limene ndapukuta kale.

Katswiriyo sindikumudziwa, koma afulumire. Tsiku limene katemera wakeyo adzafike kuno, ine sindidzadikira panja. Mwanayo ndidzamukhazika pamiyendo panga ndekha, ndipo ndidzagwira mutu.