Foni Yanga ndi Masipika a Akamwini

Ku Parow, ku Kepi, ndinakhalako kwa mwana wanga wamkazi, woluka tsitsi, m'nyumba ya lendi. Mayi ake ndinawasiya ku Ntcheu akuyang'anira munda. Mwamuna wake, akamwini anga, ankagwira ntchito pa sitolo ya hoselo ku Bellville. Munthu waulemu kwabasi, koma akaweruka, basi ali pa kompyuta kuthamangitsa magalimoto a pagalasi. Kompyutayo anachita kuimanga okha, chibokosi chowalawala, masipika uku ndi uku.

Ndiye masipika aja anayamba matenda. Galimoto ili pa liwiro, mwangomva dididi, dididi, bzzzz, ngati bemberezi walowa mu nsungwi. Akamwini anavutika, inu! Anagula mawaya atsopano, osatheka. Anachotsa pulagi pa adaputa ya firiji n'kuika pa soketi yakeyake, osatheka. Analekanitsa waya wa magetsi ndi waya wa mawu. Kenako anaganizira makina owumitsira tsitsi.

"Musandiyambe dala," anatero mwana wanga. "Makina anga ali m'chikwama, akulira bwanji m'sipika mwanu?"

Koma ine nkhani ndinkaidziwa. Foni yanga ndinkaigoneka pamwamba pa sipika, pafupi ndi tchaja. Sipika ikati dididi, mukangopuma kamodzi foni yayaka: mayi a kunyumba akuflasha. Iwo netiweki amaipeza pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi. Amailiza kamodzi, n'kudikira pang'ono. Ukapanda kubweza, atsika, mudzalankhulana sabata yamawa, ndipo mudzayamba ndi mlandu. Tsono mafoni a masiku ano amalira ngati akunong'ona. Ana amati makutu anga anatha. Bodza! Sipika ija ndinkaimva ngakhale ndili kubafa.

Loweruka lina akamwini anaimba foni yanga, kufuna kuona ngati ili ndi moto. Sipika yomweyo dididi! Anayang'ana foni, anayang'ana ine, anayang'ana pansi. Mkamwini angauze apongozi ake kuti chotsani katundu wanu? Anapita kukhitchini kukatuma mkazi.

"Ababa, akuti foni yanu ndi imene ikusokoneza masipika. Muziika pawindo."

"Auze kuti foni siichoka! Amako akaflasha ndimva ndi chiyani?"

"Musakuwe, ababa, ali pomwepa."

"Sindikukuwa, ndi mawu anga!"

Akamwini anangotuluka. Ndinati basi, ndawakwiyitsa eni nyumba, foni ipita pawindo, ndipo kumudzi adzati mdala uja wapeza wina ku Kepi.

Madzulo anabwera ndi kapepala ka m'sitolo. Anazula masipika onse awiri, n'kuwanyamula mpaka pa mpando wa pafupi ndi bedi langa. Analumikiza magetsi, anagoneka foni yanga pamwamba, anakweza voliyumu mpaka pothera. Atatero ananjuta n'kuwomba m'manja.

"Bambo, awa ndi anu tsopano. Ine ndagula zomvera zovala m'makutu."

Mwana wanga anaseka mpaka kugwira chitseko. "Ndi zabwino, zitsekanso mawu a ababa!"

Lamulungu masana, dididi, bzzzz! Mpaka aneba a ku Zimbabwe anagogoda khoma. Ndinabweza pompo.

"Lero mwafulumira," anatero mayi a kunyumba. "Ndisanakhale n'komwe pansi. Tsono tsitsani mawu, abambo, mbuzi zikuthawa kuno."