Paipi Yodzera Kuchipinda

Mkulu wa nyumba yapakona ku Rimuka, amene anakalambira m'migodi ya ku Gatooma, ali ndi mgolo kuseri kwa nyumba. Amausonkhezera moto m'mamawa, ndipo paipi imatenga madzi otentha kupita nawo kubafa. Koma paipiyo ndi yaitali, imachita kuzungulira nyumba. Ukatsegula mpopi umadikira mpaka miyendo kuwawa. Iwo alibe nazo ntchito. Amangotchera ndowa, madzi ozizira oyambawo n'kukathirira mpiru wawo.

Tsiku lina m'nyengo yozizira, mkamwini wawo Nowa anabwera kuchokera ku Hartley. Atanjenjemera kubafako, anakabwereka sowo.

"Bambo, ndiidule paipiyi kuti ilunjike. Madzi azifika msanga."

Mkuluyo anangomulozera pomwe paipi imalowera m'khoma. Kuchipinda sanamutengere, poti mkamwini salowako. Anamufotokozera kuti mkatimo paipiyo imadutsa m'mbali mwa mphasa, ndipo akazi awo, amene nyamakazi inawamanga msana, amatsamira pomwepo kufikira dzuwa litakwera.

"Madziwa sachedwa ayi," anatero motsitsa mawu, uku akulandira sowo ija. "Amayamba adzera kuno kudzazonda apongozi anu."